Tsace Limayambira Kuthengo

Amene amayenda pa mseu wa Great East Road amaudziwa msika wa pa Luangwa Bridge, kumene mitanga, mphasa ndi masace zimagulitsidwa pambali pa nsomba zouma. Wogula amalimbikira kutsitsa mtengo, osadziwa kuti tsace limodzi ladutsa m'manja mwa banja lonse.

Bambo ndiye amakadula mlaza, ndipo minga yake siimusiya wopanda mabala. Mai amauyanika naung'amba timizere. Ana akaweruka kusukulu amamanga mitolo ndi luzi kapena malegeni. Ndalama zake ndi zocepa ndithu, komabe ndizo zimagula mcere, sopo ndi makope pamene cimanga cisanapite kumsika.

Coopseza nchito imeneyi si masace a pulasitiki a m'sitolo ai, pakuti iwo sacedwa kutha pa dothi la pabwalo. Mdani weniweni ndi lupsa. Mu September ndi October, udzu utaumitsitsa, anyamata osaka mbewa amatentha thengo, moto nunyeketsa mlaza waung'ono umene masamba ake amafikika ndi dzanja. Enanso amadula nsonga ya mtengowo pofuna ucema, ndipo thunthu lotere kawirikawiri limauma.

Inu mafumu ndi anyakwawa, mau anu amamveka pamudzi. Lamulani kuti kutentha kucitike msanga, mu May kapena June, moto ukali wofatsa. Nanu odula mlaza, musamalize masamba onse pa citsa cimodzi. Tengani owerengeka, mupite pa cina.