Nkhalango Si Chiŵerengero cha Mitengo

Amene anakulira mumzinda wa Blantyre amakumbukira kuti phiri la Ndirande linali lobiriŵira. M'zaka za m'ma 1990 nkhwangwa zinalimeta mpala, ndipo lero mzinda womwewo ukuphikira makala ochokera kuno ku Neno, odzera pa Zalewa usana ndi usiku.

Wootcha makala sadula chisawawa. Amayamba ndi mitengo yolimba monga tsamba, mombo ndi muwanga. Wocheka matabwa naye amasankha mlombwa ndi mbaŵa. Choncho nkhalango ya Tsamba ikhoza kuoneka yathunthu munthu ali patali, pamene mkati mwake mitundu ikutha umodziumodzi. Mombo ukagwa, bowa wa patsinde pake amasoŵa, nthaka imauma, ndipo moto wolusa wa m'chilimwe umapsereza mphukira zotsala.

Tsono ife aphunzitsi, dzinja likafika, timatsogolera ana kukabzala bulugamu m'mizere, n'kumati tabwezeretsa nkhalango. Bulugamu ngwabwino pa milimo ndi nkhuni, sitikukana, koma sabala masuku. Sukulu iliyonse yoyandikana ndi Tsamba iyambe nazale ya mitengo yachilengedwe, ndipo ophunzira akafunse agogo awo maina a mitengoyo asanaiŵalike. Zitsa zophukira nazo zitetezedwe ku moto ndi mbuzi.