Tileke kunamizila laputopu

Nkhani iyi tonse timaidziŵa. Munthu wasunga ndalama kwa miyezi, wagula laputopu yokhala na sitika ya NVIDIA, waikamo GTA V kapena FIFA, koma gemu iyamba kudukaduka. Pamenepo ciweluzo cimatuluka msanga: "Ananigulitsa cinthu cakufa." Pakapita wiki, laputopu ili pa Facebook, igulitsidwa pa mtengo wotaya. Ise tikuti iyayi. Kambili laputopu ilibe mlandu. Olakwa ndise, cifukwa sitifuna kuona zimene zicitika mkati mwake.

Malaputopu ambili aconco ali na makhadi aŵili a graphics. Yoyamba ili mkati mwa processor, monga Intel UHD. Imadya malaiti pang'ono ndipo imabweleka RAM ya kompyuta. Ni yabwino pa Word, YouTube na ma assignment. Yaciŵili, monga GTX 1650, ili na memory yakeyake ya 4GB, ndipo ndiyo inapangidwila magemu. Kompyuta imasankha yokha khadi yoseŵenzetsa kuti batile isathe msanga, ndipo nthawi zina imasankha molakwika. Gemu yolema imapatsidwa kwa kamwana, cimkulu cili gone.

Kuona zimenezi sikufuna ngwee olo imodzi. Gemu ili mkati, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance. Mudzaona GPU 0 na GPU 1. Ngati ya NVIDIA ili pa zilo, mwamupeza wakuba. Pitani ku Settings, System, Display, Graphics, sankhani gemu yanu, muike pa High performance. Mungacitenso zimenezi mu NVIDIA Control Panel pa Manage 3D settings, koma pa Windows 11 na Windows 10 yatsopano, zimene mwasankha mu Settings ndizo zimapambana. Nchito ya mamineti aŵili cabe, koma anzathu ataya laputopu cifukwa cosaidziŵa.

Vuto yaciŵili ni matama. Tikangopeza khadi yamphamvu, timathamangila kuika zonse pa Ultra kuti anzathu aone. Aone cani? Cithunzi cokongola cimene ciima pamene mufuna kumenya penoti? Pa 1080p khadi imajambula mapikiselo 2,073,600 pa cithunzi ciliconse, pamene pa 720p ni 921,600, osafika na hafu. Mithunzi na anti-aliasing zimadya mphamvu maningi, ndiye yambani kutsitsa izo. Ma texture asapitilile memory ya khadi. Ndipo ngati sikilini yanu ni ya 60Hz, singaonetse zithunzi zopitilila 60 pa sekondi. Ikani malile pa 60 fps, zotsalazo ni kutentha cabe.

Ena adzati, "Tinalipila, lekani tiiseŵenzetse mpaka pothela." Cabwino, ndalama ni zanu. Koma kumbukilani kuti ambili a ise tili na laputopu imodzi. Ndiyo ili na CV, ndiyo ili na pulojekiti ya ku koleji. Ise a pa wailesi ndiyo timakonzela mapulogilamu. Mu October kutentha kuli pamutu, fumbi yadzala mu fani, laputopu ili pa bulangeti, zonse zili pa Ultra. Ikatentha kwambili imadzicepetsela liwilo yokha kuti isapse, ndiye gemu imadukaduka kuposa poyamba. Mwavutitsa makina, ndipo simunapindule kanthu.

Pali nkhani inanso ya malaiti. Akapita, laputopu imatsala pa batile, ndipo khadi yaikulu siipatsidwa mphamvu zonse. Battery Boost ya NVIDIA ingatsitse gemu mpaka pa 30 fps. Si kuwonongeka kumeneko, inapangidwa conco. Ngati mufuna gemu yoyenda bwino, seŵelani caja ili ku khoma. Malaiti akapita, sungani batile ya nchito ya mawa, ndipo Chrome na Word zisiyeni pa khadi yaing'ono.

Conco musanalembe "for sale", musanatukwane amene anakugulitsani, citani zinthu zitatu: onani khadi imene iseŵenza, tsitsani mithunzi, ikani laputopu pa tebulo kuti ipume. Ngati pambuyo pa izi ikali kuvuta, pamenepo tingakambe za okonza. Gemu ya pa Medium imene iyenda bwino ipambana Ultra yotsimphina, ndipo pa bola timaŵelenga zigoli, osati udzu wooneka bwino.