Kodi makina ojambula ubongo angaulule mwana wokodwa ndi foni?

Mwabwera kothyola tiyi ku Makwasa muli wotopa, koma madzi sanatungidwe, mwana maso ali pa foni. Kodi ubongo wake wawonongeka?

Mu 2024, akatswiri a ku University College London anaunika zotsatira za kafukufuku 12 wojambula ubongo ndi makina a MRI. Mwa achinyamata 237 a zaka 10 mpaka 19 okodwa ndi intaneti, anapeza kusintha kwa momwe zigawo za ubongo zimalumikizirana, kuphatikizapo zothandiza munthu kudziletsa.

Koma tisapupulume. Achinyamatawo onse anali a ku Asia, ndiponso ndi ochepa. Chithunzi sichinenanso chimene chinayamba: kodi foni ndiyo inasintha ubongo, kapena mwana wovutika kale kudziletsa ndiye amakakamira foni?

Makinawa si achilendo kuno. A ku Queens ku Blantyre, omwe anafika mu 2008, anaonetsa kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a muubongo amafa ubongo utatupa. Kutupa kumaoneka pachithunzi. Chizolowezi cha foni sichitero, ndipo palibe dokotala angaloze chithunzi n'kunena kuti uyu wakodwa.

Ngakhale bungwe la WHO, lomwe mu 2019 linavomereza kuti kukodwa ndi magemu ndi matenda, limayang'ana khalidwe: kulephera kusiya, kuika magemu patsogolo pa sukulu ndi zina zonse, kupitiriza zinthu zikuipa, kawirikawiri kwa miyezi yosachepera 12. Izi kholo kapena mlangizi wa zaumoyo amaziona ndi maso, ndipo ndi zomwe mungakafotokozere adokotala ku Malamulo.