Khansa yapakhosi ikachira, bwanji nsima imakanika kumeza?

Kuyambira mu 2019, odwala khansa m'Mozambique muno amalandira radioterapia ku Hospital Central de Maputo. Kwa mlimi wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga, uwu ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500. Akamabwerako, achibale amafunsa ngati chotupa chatha. Za malovu safunsa, chikhalirecho ndi pamene pagona vuto lina.

Khansa ya m'kamwa ndi yapakhosi, imene fodya ndi kachasu zimaikolezera, amaiwotcha ndi cheza kwa masabata 6 kapena 7. Chezacho chimakhudzanso tiziwalo topanga malovu, makamaka tiwiri ta kutsogolo kwa makutu totchedwa parótida. Munthu wabwinobwino amapanga malovu okwana pafupifupi lita imodzi patsiku, koma m'masabata oyamba a chithandizo amachepa kwambiri. M'kamwa mukauma, nsima imakakamira, mano amabooka, ndipo munthu amaonda mpaka khasu kumulemera. Kwa ena malovu sabwereranso.

Apa ndi pamene kujambula m'thupi kuli ndi ntchito. Chithandizo chisanayambe, madokotala amajambula mutu ndi khosi pa makina a TAC kuti aone malire a chotupa ndi a tiziwaloti. Chotupa chimalandira cheza cha mlingo wa ma gray 70 kapena kucheperako pang'ono, pamene parótida amayesetsa kuti isapyole 26. Komatu masabata akamapita, wodwala amaonda, chotupa chimaphwa, parótida imafota n'kusunthira m'kati kumene cheza chili chambiri. Kujambulanso pakati pa chithandizo kumaonetsa kusunthako, ndipo madokotala angathe kukonza njira ya cheza zinthu zisanaipe.

Chovuta n'chakuti kujambulanso kumafuna nthawi ya makina ndi akatswiri, pamene odwala ochokera zigawo zonse akudikira pamzere womwewo. Ndiye ntchito ina iyenera kugwiridwa kuno. Makina a ecografia, omwe amapimira amayi oyembekezera, amathanso kuonetsa kukula kwa tiziwalo ta malovu, alibe cheza ndipo ndi otsika mtengo. Chofunika ndi munthu wodziwa kuwerenga chithunzicho komanso lipoti lochokera ku Maputo.

Choncho inu amene mukuperekeza wodwala, pitani naye kwa dokotala wa mano chithandizo chisanayambe. Ali pa chithandizo, mukaona kuti akuonda kapena m'kamwa mwauma, nenani msanga. Pobwerera, pemphani lipoti ndi zithunzi zake, kuti achipatala cha ku Tete kapena ku Ulónguè akhale ndi poyambira.