Nyumba ya Mwini Saotcheramo Mbewa

Makolo athu, amene ankadziwa bwino kuti njala imachotsa munthu manyazi, anatisiyira mawu akuti nyumba ya mwini saotcheramo mbewa, ndipo potero ankatilangiza kuti mlendo, ngakhale alandiridwe ndi manja awiri, ayaliridwe mphasa ndi kupatsidwa madzi osamba, asaiwale kuti denga limene lamfunditsa lili ndi mwini wake, amene adzatsala ndi utsi ndi fungo iye atatsazika. Mwambi umenewu unabadwira m'dziko la dzuwa ndi fumbi, koma masiku ano ukuyenera kukalankhulidwa kutali ndithu, ku Arctic, kunsonga ya kumpoto kwa dziko lapansi, kumene nyanja imagona youndana ndipo dzuwa limabisala miyezi yathunthu, pakuti kumeneko mafumu amphamvu a dziko lino asonkha moto m'nyumba ya eni osaodira n'komwe.

Chiyambire 1979, pamene masetilaiti anayamba kuyeza nyanja imeneyo chaka ndi chaka, madzi oundana akhala akucheperachepera, kufikira kuti mu Seputembala 2012 anatsala okwana masikweya kilomita pafupifupi 3.4 miliyoni, ndiko kunena theka chabe la amene ankatsala nyengo yomweyo m'zaka zoyambirira za kuyezako. Ndipo akatswiri a zanyengo a ku Finland anapeza mu 2022 kuti chigawochi chikutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Munthu wamba akamva zotere agwira njakata. Akuluakulu a maiko sanatero, iwo anaonamo njira ndi chuma. Ofufuza za miyala a boma la America anali atalengeza kale mu 2008 kuti mwa mafuta onse amene sanapezedwe m'dziko lapansi, 13 pa 100 alionse angakhale ali kumeneko, ndipo mwa gasi, 30 pa 100. Mu 2017 chombo chonyamula gasi chotchedwa Christophe de Margerie chinachoka ku Norway, nichidzera kumpoto kwa Russia mpaka ku South Korea popanda chinzake chochiswera njira, ndipo chaka chotsatira China, dziko limene malire ake sakhudza Arctic ngakhale pang'ono, linadzitcha lokha mnansi wa chigawocho. Taonani tsono kupotoka kwake kwa nkhaniyi: utsi wa mafuta ndiwo wasungunula madzi oundana, ndipo kusungunukako ndiko kwakondweretsa ofuna kukumba mafuta ena. Walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndi aakulu, pakuti madzi oundana a pa Greenland pokha, atati asungunuke onse, angakweze nyanja za dziko lonse ndi mamita asanu ndi awiri, ndipo Beira, amene wakhala kale m'kamwa mwa nyanja, sadzafunsidwa maganizo.

Mu Ogasiti 2007 Artur Chilingarov ndi anzake anatsika m'kachombo koyenda pansi pa madzi, nakazika mbendera ya Russia pansi pa nyanja, pansonga penipeni pa dziko, kuya kwake kopitirira mamita 4,000. Ife amene agogo athu anagawidwa pa mapu ku Berlin mu 1884 ndi 1885 iwo osadziwa, sitifunika womasulira kuti atiuze chimene mbendera yotere imanena. Komabe ndiyenera kunena chilungamo, kuti kwa zaka zingapo maikowa anadzigwira mtima koposa m'mene ambiri ankayembekezera. Mtandadza wa mapiri a pansi pa nyanja wotchedwa Lomonosov, umene Russia, Denmark ndi Canada onse amati ndi wawo, anautengera ku bwalo la United Nations monga mwa pangano la zanyanja la 1982. Norway ndi Russia anathetsa mkangano wa malire a nyanja ya Barents mu 2010. Canada ndi Denmark anagawana kachilumba ka Hans mu 2022, atatha zaka zambiri akungosinthana mbendera ndi mabotolo a mowa. Panalinso bwalo la Arctic Council, lokhazikitsidwa ku Ottawa mu 1996, m'mene maiko asanu ndi atatu ankakhala pamodzi ndi mabungwe asanu ndi limodzi a eni nthaka. Ulemu wonsewo unagwedezeka mu 2022, Russia atalowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine: maiko asanu ndi awiri anaimitsa zokambirana naye, Finland analowa NATO mu 2023, Sweden natsatira mu 2024, kotero kuti lero bwaloli lili ndi asanu ndi awiri mbali imodzi, ndi Russia yekha mbali inayo, atakumbatira zombo zake zankhondo ku Severomorsk.

Koma ine mtima wanga uli pa eni nyumba. Greenland, limene eni ake amalitcha Kalaallit Nunaat, ndi chilumba chachikulu koposa zonse m'dziko lapansi, ngakhale anthu ake ndi pafupifupi 57,000 okha, ambiri mwa iwo a mtundu wa Inuit, ndipo anthu amenewa anaona kale chimene chimachitika mlendo wamphamvu akayamba kudera nkhawa za chitetezo chake. Mu 1946 boma la America la Harry Truman linapereka mtengo wa madola 100 miliyoni kuti ligule chilumbacho, Denmark, amene ankachilamulira, nakana. Koma mu 1951 maiko awiriwa anapangana kuti America amangeko malinga a nkhondo, ndipo mu 1953, pofuna kukuza linga la Thule, anthu opitirira 100 a fuko la Inughuit analamulidwa kusamuka m'masiku owerengeka, kusiya manda a makolo awo ndi malo amene ankasakamo nyama, nakakhala m'mahema ku Qaanaaq, makilomita opitirira 100 chakumpoto, nyumba zolonjezedwazo zisanamangidwe. Mu Januwale 1968 ndege yankhondo ya B-52, itanyamula mabomba anayi a nyukiliya, inagwa pa nyanja youndana pafupi ndi linga lomwelo, niipitsa malo osakako ndi poizoni wake. Pansi pa madzi oundana a m'katikati mwa chilumbacho pali msasa wa Camp Century, umene asilikali a America anausiya mu 1967 pamodzi ndi mafuta ndi zonyansa zake, pokhulupirira kuti kuzizira kudzazibisa mpaka muyaya. Lero kuzizirako sikulinso kodalirika. Boma la Denmark linapepesa mu 1999 chifukwa cha kusamutsako, koma bwalo lalikulu la milandu linagamula mu 2003 kuti anthuwo sangabwerere kwawo. Canada nayenso mu 1953 anatenga mabanja a Inuit ku Inukjuak n'kukawatula ku Resolute ndi Grise Fiord, kumene mdima wa dzinja lawo sanauzolowere, ndipo kupepesa kwake kunafika mu 2010, ambiri a iwo atagona kale.

Chotero pamene Donald Trump ananena mu 2019 kuti afuna kugula Greenland, nabwereza mu 2025 ndi mawu olimba koposa, osafuna ngakhale kulonjeza kuti sadzagwiritsa ntchito mphamvu, aliyense amene anakulira pa Mawu a Mulungu anakumbukira mfumu Ahabu, imene inasirira munda wamphesa wa Naboti chifukwa unali pafupi ndi nyumba yake yachifumu, nilonjeza mtengo wabwino, osamvetsa kuti cholowa cha makolo sichiikidwa pa msika. Sindikunena kuti nkhawa ya America ndi yopeka, pakuti mzinga wochokera ku Russia kupita ku America njira yake yachidule idzera kumpoto komweko, ndipo n'chifukwa chake linga la Thule, limene tsopano likutchedwa Pituffik, lili ndi makina oyang'ana kumwamba usana ndi usiku. Koma pangano la 1951 likadalipo, ndipo khomo limene mlendoyu akufuna kuthyola ndi lotsegula kale. Asilikali ake anawachepetsa yekha nkhondo ya mawu ndi Soviet Union itatha. Chimene chikufunidwa tsono chiposa chitetezo, ndipo miyala ya mtengo wapatali ya pansi pa nthakayo ikudziwa. Eni akewo lamulo la 2009 linawapatsa ufulu wodzisankhira kudziimira paokha tsiku limene adzafune, koma popeza pafupifupi theka la ndalama zoyendetsera boma lawo limachokera ku Copenhagen, amene ali ndi thumba lalikulu amayesa kuti akhoza kugula ndi mtima womwe.

Ena amaloza kummwera, ku Antarctica, kumene maiko khumi ndi awiri, South Africa ali momwemo, anapangana mu 1959 kuti kusakhale zida zankhondo, nawonjezera mu 1991 lamulo loletsa migodi. Pangano limenelo ndi lokoma, koma tisaiwale kuti kumeneko kulibe mudzi wa eni nthaka, kulibe manda a makolo, ndipo n'zochititsa manyazi kuti maiko anapeza chapafupi kulemekeza dziko lopanda anthu kusiyana ndi dziko la anthu.

Mu Meyi 2025 mpando wa Arctic Council unafika ku ufumu wa Denmark, ndipo amene anaukhala ndi Vivian Motzfeldt, amene panthawiyo anali nduna ya ku Greenland komweko, mwana wa m'nyumbamo. Ndi ulemu woyenera, ndipo unachedwa. Koma chikalata cha ku Ottawa chinanena poyera kuyambira pachiyambi kuti bwaloli silidzakamba za nkhondo, kotero kuti wokhala pa mpandowo angatsogolere zokambirana za nsomba, za mafuta otayika panyanja ndi za umoyo wa anthu ake, pamene nkhani ya malinga, mizinga ndi zombo zoyenda pansi pa madzi ikugamulidwa ku Washington, ku Moscow ndi ku Brussels, m'zipinda zimene mulibe mpando wa munthu wa ku Qaanaaq.