Mfuti zidaleka kulira, koma mabala a mumtima akadalipo

Pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Roma, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano lothetsa nkhondo ya zaka 16. M'zaka zotsatira, anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Moatize amene adathawira ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi ku Ukwimi m'dziko la Zambia adabwerera kwawo mothandizidwa ndi bungwe la ACNUR. Malawi yekha adasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Nyumba zidamangidwanso, minda idalimidwanso, ndipo mu 2015 Boma lidalengeza kuti ntchito yozula mabomba okwirira yatha. Koma mantha amene nkhondo idasiya m'mitima ya anthu sadazulidwe onse.

M'midzi yambiri ya m'malire muli madala amene mpaka lero amadzidzimuka usiku akufuula, thukuta lili kamukamu, ataloteranso zimene adaona ali anyamata. Muli amayi amene mtima umagunda akamva kuphulika kwa tayala kapena akaona yunifomu. Ena amadandaula mutu ndi chifuwa chaka ndi chaka, kuchipatala n'kuwayeza malungo osawapeza. Ena adathawira ku kachasu kuti agone, ndipo ukali wawo umathera pa mkazi ndi ana. Motero mwana wobadwa nkhondo itatha amasenza katundu wa nkhondo imene sadaione.

Bala lotere silichokera ku nkhondo yakale yokha. Mu 2015 ndi 2016 mabanja a m'dera la Moatize adathawiranso ku Kapise, m'boma la Mwanza. Mu 2022 namondwe wa Ana adagwetsa mlatho wa Revúboè, ndipo mu 2023 Freddy adasakaza Zambézia ndi kum'mwera kwa Malawi. Amene adaona m'bale wake akukokoloka ndi madzi atha kuvutika chimodzimodzi ndi amene adaona mfuti.

Azaumoyo amafotokoza kuti munthu akakumana ndi zoopsa, thupi limakhala tcheru kuti lithawe kapena limenye. Kwa ambiri zimenezi zimatha pakapita masabata angapo. Kwa ena thupi limakhalabe ngati ngozi ikadalipo, choncho tulo sabwera, chakudya sichikoma, ntchito ya kumunda imalowa pansi. Awa si misala, si ufiti, komanso si kufooka. Ndi matenda, ndipo ali ndi chithandizo.

Akuluakulu ena amati zakale sizikumbidwa, chifukwa kukumba n'kudzutsa udani. Mawu awa ali ndi nzeru yake. Lamulo la chikhululukiro la 1992 lidatseka milandu ya nkhondo, ndipo anthu amene adali mbali zosiyana adayenera kutunga madzi pachitsime chimodzi. Miyambo yosambitsa obwerera, imene asing'anga, mafumu ndi mipingo adachita, idathandiza kuti anyamata amene adagwira mfuti alandiridwenso pamudzi. Ntchito imeneyo njoyenera ulemu. Koma ngati munthu adasamba mankhwala, adapemphereredwa, ndipo patapita zaka akulephera kugona, ndiye kuti chatsala china.

Chithandizo cha kuchipatala si bwalo la milandu. Wodwala amakhala ndi wazaumoyo awiriwiri, ndipo zokambidwa zimathera momwemo. Poyamba amaphunzitsidwa kupuma pang'onopang'ono ndi njira zina zokhazikitsira mtima pansi. Kenaka, pa liwiro lake, amafotokoza zimene zidamuchitikira kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, kangapo konse pa maulendo osiyana. Pobwereza nkhaniyo pamalo otetezeka, mutu umazolowera kuti zimenezo zidapita. Chikumbumtima sichifafanizika, koma mphamvu yake yozunza imachepa. Mapiritsi amathandiza ena pa kusowa tulo ndi chisoni chachikulu, koma paokha sakwanira, ndipo sayenera kugulidwa pamsika.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuphunzitsa anthu otchedwa técnicos de psiquiatria kuti agwire ntchitoyi m'madisitiriti. Vuto ndi lakuti wodwala wa kumudzi wakutali sangayende ulendo wopita ku Ulónguè kapena Furancungo mwezi ndi mwezi, makamaka nthawi ya dzinja. Ndi udindo wa akuluakulu azaumoyo a provinsiya ya Tete kuonetsetsa kuti ogwira ntchitowa akufika m'zipatala zazing'ono pa masiku odziwika, akulankhula Chinyanja, komanso kuti ma APE a m'midzi akuphunzitsidwa kuzindikira zizindikiro. Asing'anga a bungwe la AMETRAMO nawonso azitumiza kuchipatala odwala amene sakupeza bwino, m'malo mowasunga mpaka mbuzi zonse zitatha m'khola.

Pabanja napo pali ntchito. Wovutikayo asasekedwe, asakakamizidwe kulankhula, koma akayamba yekha amveredwe mpaka amalize. Akanena zofuna kudzipha, kapena akayamba kumenya a m'nyumba mwake, achibale apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo omenyedwawo atetezedwe. Makolo adati wamisala adaona nkhondo. Amene mudzi umawatcha openga chifukwa chofuula usiku, ambiri mwa iwo adaionadi, ndipo akufunika wowamvera ndi wowaperekeza kuchipatala.