NZERU ZA MAKONO: Sefa Younikira Zithunzi Zakale

M'midzi ya Mfumu Mphuka ndi Mfumu Mburuma, m'boma la Luangwa limene akale amalicha Feira, banja limene lili ndi cithunzi ca kholo lao limacisunga monga cuma. Makamaka kwa amene anataya abale mu March 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaukira Kavalamanja, kapepala kameneko n'kosagulika ndi ndalama. Koma zithunzi zimakalamba, nkhope n'kucita mbuu, ndipo eni ake amafunafuna katswiri wa kompyuta woti aziongole.

Imodzi mwa njira zimene akatswiri amagwiritsa nchito ichedwa High Pass, ndipo ipezeka m'mapulogalamu monga Photoshop ndi GIMP. Amai amene amasefa ufa angaimvetse msanga, pakuti sefa ilola ufa wosalala kupyola, misere n'kutsala pamwamba. Momwemonso High Pass ilola zinthu zing'onozing'ono za m'cithunzi kupyola, monga mizere ya maso, ya milomo ndi ya kolala ya malaya, koma itsekereza malo akuluakulu a mtundu umodzi monga thambo kapena khoma.

Nchito yake iyenda motere. Cithunzi cikalowa m'kompyuta cimasanduka timadontho tambirimbiri tochedwa mapikiselo. Katswiri apanga cina cofanana naco ndi kucipyoza m'sefayo, kawirikawiri pa muyeso wa mapikiselo 1 kufikira 3. Cotulukamo cimakhala cotuwa ngati phulusa, ndipo cimaonetsa malire okhaokha. Akacisanjika pamwamba pa cithunzi coyamba, mbali yakuda ya malire alionse ida koposa, yowala niwala koposa. Diso la munthu likaona kusiyana kumeneku limati cithunzi cayera.

Apa ndipo pofunika kucenjera. Sefa siibweza cimene kamera inalephera kugwira tsiku lojambula. Ingoonetsa bwino zimene zilimo kale, ndipo siisankha: zipsera za pepala, fumbi ndi mikwingwirima nazonso zimaonekera kwambiri. Muyeso ukapitirira, mutu wa munthu umazingidwa ndi mzere woyera ndipo khungu limaoneka lokakala. Palinso mapulogalamu a m'mafoni amene amalenga maso ndi mano atsopano mongoyerekeza, kotero kuti banja lingathe kulipira ndalama ndi kulandira nkhope ya mlendo.

Motero wopereka cithunzi ayenera kuumirira zinthu zitatu. Coyamba, pepala lenileni libwerere kwa mwini wace losakhudzidwa. Caciwiri, katswiri asunge padera cithunzi cosakonzedwa, kuti zikalakwika ayambirenso. Cacitatu, asanalipire, aitane mkulu wa m'banja amene anamdziwa malemuyo kuti aone zithunzi ziwirizo pamodzi. Ngati agogo akana kuti nkhopeyo si ya mbale wao, nchitoyo yalephera, ngakhale cithunzico cikongole motani.